Ulendo wathu wa kwa Chimwala: zomwe tinaphunzira pa masewera a chingwe

Tinanyamuka ku Monkey Bay dzuwa lisanatuluke, alezi 12 a sukulu za mkombaphala za kwa Nankumba. Anzathu a kwa Chimwala, m'mbali mwa nyanja ya Malombe, anatiitana kuti tikaone mmene amasewerera ndi ana popanda zidole zogula. Minibasi inatitsitsa pa boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya 1903 yokumbukira Mfumukazi Victoria, chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Tinamwa tiyi mothamanga n'kukwera ina ya msewu wa ku Liwonde.

Anatilandira ndi nyimbo ndi thobwa, moni wake wosakaniza Chichewa ndi Chiyao. Anationetsa ng'ombe zadothi, mipira yamapepala ndi timagalimoto tamawaya. Zimenezi kwathu tili nazo kale, sindichedwapo. Chimene chinatikhazika pansi mpaka nsima kuzizira ndi agogo ena aamuna, msodzi wakale yemwe masiku ano amangosoka maukonde a anzake. Kawiri pa sabata amabwera pasukulupo ndi zingwe m'thumba la malaya.

Chingwe chake si chachilendo. Amayeza kuchokera kunsonga ya dzanja limodzi kufika kunsonga ya linzake atatambasula manja, amadula, n'kumanga nsonga ziwirizo ndi mfundo yaing'ono kuti chikhale chozungulira. Anatichenjeza kuti twayini wa ukonde amacheka tizala ta ana, choncho kwa ana amatenga ulusi wokhuthala wolukira zipewa kapena nsanza yong'ambidwa mowonda.

Anayamba ndi mbewa. Anatambasula dzanja lamanzere chala chachikulu chili m'mwamba, n'kukoloweka chingwe kuti mbali imodzi ilendewere kuchikhatho, ina kuseri kwa dzanja. Ndi chala chamkombaphala chakumanja anadutsa pansi pa chingwe cha kuchikhatho, kulowa pakati pa chala chachikulu ndi chinzake, kukokera kuno chingwe chakuseri, kuchipotokola pang'ono, n'kuchiveka pa chala chamkombaphala chakumanzere. Anabwereza chimodzimodzi mpaka zala zonse zinayi zinamangika. Ndiyeno anavula chingwe pa chala chachikulu n'kuchipana kuti chioneke ngati khutu la mbewa yosuzumira pa una. "Adzukulu, igwireni ndiwo yanu," iwo anatero. Kamnyamata kena katangotambasula dzanja, agogo anakoka chingwe cha kuchikhatho, zonse pululu, zala zili mbee. Ana anakuwa ngati agoletsa chigoli.

Chachiwiri chinali msampha. Chingwe chimakolowekedwa pa chala chachikulu ndi kachala kakang'ono ka dzanja lililonse, kenako chala chamkombaphala chilichonse chimanyamula chingwe cha pachikhatho cha dzanja linalo. Pakati pamatsala kabowo. Mwana amalowetsa dzanja pabowopo kuchokera pamwamba, agogo amamasula zala zonse kupatula zazikulu ziwiri, mwanayo wakodwa padzanja. Kuti amumasule, amalukanso chimodzimodzi chingwe chili chikodere, mwana amalowetsa dzanja pabowo lapakati koma tsopano kuchokera pansi, ndipo akamasula zala zija chingwe chimachoka chokha osadutsa kunsonga kwa dzanja.

Apa m'pamene mmodzi wa ife, mayi wachikulire yemwe ndimamulemekeza kwambiri, anaimirira n'kunena kuti iye sangapite nazo izi kusukulu kwake. Anati makolo akamva kuti mlezi akuchititsa ana zozizwitsa adzati ndi matsenga, ndipo mawa lake dzina lake lidzakhala pabwalo la amfumu. Panalibe woseka. Tonse tikudziwa mmene mawu amenewa amayendera m'midzi mwathu. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe okalamba ndi ana akupitirira kunenedwa, ena kumenyedwa ndi kuthamangitsidwa pamudzi. Nanga nkhalamba yamanja ochenjera chonchi, yokhala pakati pa ana a eni?

Agogo aja anayankha modekha. "Mayi, mwanena zoona. N'chifukwa chake ine sindibisa. Ndimachita kamodzi mofulumira kuti ana adabwe, kenako ndimachita pang'onopang'ono mpaka aliyense aone pamene pagona nkhani. Mwana sapita kwawo asanachite yekha." Anatenganso chingwe n'kutionetsa kuti pa mbewa ija palibe mfundo ngakhale imodzi. Kachingwe ka chala chilichonse kamangogwiridwa ndi kanzake, ndipo konseko kamadalira chala chachikulu. Anafanizira ndi msoko wa pakamwa pa thumba la feteleza: ukapeza ulusi woyenera umasololoka wonse, ukalakwitsa umalimbana nawo ndi mano. Pa msampha paja, dzanja lolowera pansi limangobweza njira yomwe linadutsa lolowera pamwamba.

Kwa ine apa ndi pamene panali phindu la ulendo wonsewu. Mwana amene waona chinthu chodabwitsa, n'kupatsidwa chingwe, n'kuchita yekha ndi zala zake, amaphunzira kufunsa kuti chachitika bwanji asanathamangire kunena kuti wachita ndani. Amayi apampando a kumeneko anatiuza kuti pachiyambi anaitana makolo ndi amfumu kuti aone ndi kuyesa okha, ndipo mawu oti matsenga sawatchula n'komwe pasukulupo. Amangoti masewera a chingwe.

Titadya nsima ya kambuzi, anatigawira zingwe. Ine ndinapotokolera chingwe mbali yolakwika, ndipo nditakoka chinalimba pazala m'malo momasuka. Kamtsikana ka zaka ngati zisanu kanagwira dzanja langa n'kuti, "Azakhali, mupotokole chauko." Kanalondola. Pophunzitsana choncho ndinaona ana akutchula manja, lamanja ndi lamanzere, akuwerenga zala, akudikirana. Tizala timene tikulimbana ndi chingwe lero ndi tomwe tidzagwire pensulo ku Sitandade 1.

Pali masewera ena oti chingwe chimazungulira khosi n'kuoneka ngati chadula mutu. Agogo amawadziwa koma anakana kutionetsa ana ali pomwepo, ndipo ndikugwirizana nawo kwathunthu. Mwana amakayesera kuseri kwa nyumba pa mng'ono wake. Alezi a kumeneko amawerenga zingwe pogawa ndi potolera, ndipo ana osakwana zaka zitatu amangoonerera ali pamiyendo.

Mayi uja anadandaula poyamba ndi amene anapempha kuti agogo abwereze msampha katatu, ndipo m'minibasi pobwerera anakola dzanja la kondakitala. Tinagwirizana kuti sukulu iliyonse iyambe yakumana ndi makolo ndi amfumu isanapatse mwana chingwe, kuti tiyambe ndi mbewa ndi msampha basi, komanso kuti aliyense abweretse ulusi kapena chitenje chakutha pa msonkhano wathu wotsatira kuti tidule zingwe limodzi. Anzathu a kwa Chimwala adzatichezera tikakolola, ndipo tawapempha kuti agogo aja asawasiye. Ndalama yawo ya minibasi tisonkha ndife.