Tsiku lomwe ndinaphunzitsa malume mbiri ya Aroma

Vuto langa linayamba ndi TV. Ndimagwira ntchito ya usiku ku Leeds, m'dziko la England, ndipo ndikaweruka tulo sitibwera msanga, ndiye kwa mwezi wathunthu ndinkangokhalira kuonera mapulogalamu a mbiri ya Aroma. Pofika Julayi ndinali nditadzipatsa ndekha digiri. Munthu angoti "mwadzuka bwanji", ine ndayambapo kale za mfumu Hadrian.

Itafika nthawi yosankha kopita patchuthi, mayi a kunyumba anati, "Bambo, poti Aromawa akulowani m'magazi, tiyeni ku Rome komweko tikaone Colosseum, bwalo lawo lakale la masewero." Ndinatenga cholembera. Pasipoti yathu ya Malawi imafuna viza ya Schengen, ndipo tilipo atatu. Kuwonjezapo ndege ndi hotela, thumba linayamba kutsokomola. Mwana wathu wamkazi anatchula Bath, komwe kuli malo osambira a Aroma a madzi otentha otumphuka pansi. Ndinakana. Munthu ulipire ndalama kukaona bafa lomwe sakuloleza kusambamo?

"Tamverani," ndinatero, chala chili m'mwamba. "Aroma analowa m'dziko lino m'chaka cha 43. Anabwera okha. Tiwatsatirenji kwawo pomwe khoma lawo, khoma la mfumu Hadrian, lili pakhomo pompano?"

Choncho Loweruka lina tinakwera sitima mpaka ku Newcastle, kenaka ina ya ku Hexham, komwe tinakwera basi yoyenda m'mbali mwa khomalo. Nambala yake ndi AD122, chaka chomwe anayamba kumanga. Ine ndinali nditatchena jekete ndi nsapato zopitira kutchalitchi, poti zithunzi zake zinali zoti zikafike kumudzi.

Titayenda pang'ono, ndinasuzumira pawindo. Khoma! Lamiyala, lalitali, lokwera chitunda n'kutsetsereka mpaka kosaoneka. Mtima unagunda. Basi itangoima pamalo otsatira, ndinadzambatuka.

"Bambo, si paja munati tikatsikira pa linga la Aroma la ku Housesteads? Tafunsani adalaivala."

"Ndifunse chiyani khoma ndikuliona ndi maso angawa?"

Tinatsika tokha. Anthu ena onse, ovala zijombo ndi zikwama kumsana, anangotiyang'ana basi n'kumapita. Ndinawamvera chisoni kuti akuphonya.

Ndinaimirira pafupi ndi khomalo n'kuyamba sukulu. Ndinafotokoza kuti linali la makilomita 117, kuchokera ku Wallsend pa mtsinje wa Tyne kukafika ku Bowness-on-Solway, kudula dziko pakati ngati lamba. Ndinati analimanga ndi asilikali enieniwo, magulu atatu akuluakulu, ndipo pa mtunda uliwonse wa mailo imodzi ya Chiroma anaikapo kalinga kokhala ndi chipata. Zonsezi zinali zoona. Ndinasisita mwala wina wa ndere, ndinatsinzina, ndinati ndikumva dzanja la msilikali amene anauika. Mwana anajambula vidiyo. Ndinaitumiza nthawi yomweyo pa gulu la banja la pa WhatsApp.

Woyamba kuyankha anali malume a ku Dedza. "Mphwanga, khola labwino ili. N'la ndani?"

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinawajambulira mawu a mphindi zinayi, mwaulemu ndithu koma mothira mchere, kuwauza kuti chimenechi n'chuma cha dziko lonse lapansi, cholembedwa mu 1987 ndi UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, ndipo kuyenda n'kuona.

"Adadi," mwana anandikoka jekete, "nanga Aroma ankadziwa waya waminga?"

Pamwamba pa khomalo panalidi waya. Ndisanapeze yankho, kunatulukira mlimi wachikulire pa kanjinga kamoto ka matayala anayi, galu atakhala kumbuyo ngati bwana. Anazimitsa injini n'kutifunsa ngati tasochera. Ndinamuuza monyadira kuti tikuona khoma la Hadrian. Bamboyo anayang'ana khoma, anayang'ana nsapato zanga, anayang'ananso galu wake. Kenaka anati mbali yomwe ndinkasisitayo inagwa ndi chisanu ndipo anaimanganso yekha chaka chathachi, kuti nkhosa zisamalowe mumsewu. La Aroma, anatero akuloza ndi chibwano, lili pamwamba pa zitunda uko.

Kunangoti zii. Nkhosa ina inalira, ndipo ndikulumbira kuti inali kuseka.

Mayi a kunyumba sanakweze mawu. Anangokonza mpango wawo n'kunena chapansipansi, "Safunsa anadya phula."

Mlimi uja, poona nkhope yanga, anandipepesa ndi mfundo imodzi. Anati kwa zaka mazanamazana anthu a kuderali ankagumula khoma la Aroma n'kumangira nyumba, matchalitchi ndi makola, ndiye mwina mwala umodzi kapena iwiri m'khoma lakelo ndi ya Aroma ndithu. Mawu amenewo ndinawakumbatira ngati mwana wobadwa kumene.

Basi yotsatira inali kutali, choncho tinauyamba wapansi. Mvula ya kumeneko sigwa, imangokhala m'mlengalenga kudikira munthu. Nsapato za kutchalitchi pa udzu wonyowa ndi ndowe za nkhosa zinasanduka sopo. Ndinagwa kawiri. Kachiwiriko ndinatsetsereka chokhala mtunda wautali ndithu, ambulera ili m'mwamba, mwana akujambula.

Titafika ku Housesteads ndinazindikira kukula kwa uchitsiru wanga. Khoma lenilenilo n'lonenepa, pafupifupi mamita awiri, la miyala yosemedwa bwino ngati njerwa, osati kakhoma kowonda ka miyala yongosanja kaja. Palinso linga lomwe munkakhala asilikali pafupifupi 800 ochokera kudera lomwe lero ndi Belgium. Koma chomwe anthu amaunjikanapo kwambiri ndi chimbudzi. Asilikali ankakhala mondondozana pa mabenchi obooka, popanda chotchinga, madzi akuyenda m'ngalande pansi pawo, nkhani zili mkati. Tinayenda ulendo wonsewo, ine thalauza lili matope okhaokha, kudzaona chimbudzi cha eni ake.

Pofuna kubweza ulemu wanga, ndinayamba kufotokoza za makalata a pa timatabwa omwe anayamba kupezeka mu 1973 ku Vindolanda, linga lina la Aroma la chapafupi pomwepo. Ina mwa iwo ndi ya munthu wouza msilikali kuti wamutumizira masokosi, nsapato ndi makabudula amkati awiri.

"Ameneyo anali ndi abale omuganizira," anatero mayi a kunyumba, akuyang'ana madzi akutuluka m'nsapato zanga. "Inu masokosi ouma akutumizirani ndani, poti malume mwawanyoza?"

Usiku womwewo mwana anaponya vidiyo yotsetsereka ija pagulu, pamodzi ndi nkhani yonse ya mlimi. Ndinayesa kulembapo kuti mwala umene ndinasisitawo uyenera kuti unali umodzi mwa iwiri ija. Palibe anayankha, kupatula malume, omwe anatumiza chithunzi cha khola lawo la mbuzi. Pansi pake analemba kuti ndikabwera pa Khirisimasi ndidzalione, kulowa ndi K5,000, ana theka.