Masana a Loweruka ku Limbe, Tikukamba za Sitima

Lero ndinakhala masana onse ku Limbe kwa malume anga, amene anagwira ntchito pa njanji m'masiku a Malawi Railways, ndipo nkhani imene inatitengera nthawi inali yoti kodi n'zotheka kuti makampani angapo omwe si aboma azipikisana ponyamula anthu pa sitima za maulendo ataliatali. Ine ndinabwera ndi zitsanzo za ku Ulaya. Ku Italy kampani ya Italo inayamba kupikisana ndi kampani ya boma ya Trenitalia mu 2012 pa njira yodutsa ku Milan, Rome ndi Naples, pamene ku Spain kampani ya Ouigo inalowa mu 2021 ndipo ya Iryo inatsatira mu 2022 pa njira ya Madrid ndi Barcelona, imene kale kampani ya boma ya Renfe inkayendamo yokha. M'maiko onse awiri mitengo ya matikiti inatsika, okwera n'kuchuluka.

Malume anamvetsera osandidula mawu, kenako anatenga cholembera n'kujambula mzere umodzi kuseri kwa envelopu, akuika timadontho pa Limbe, Lirangwe, Nkaya ndi Balaka. "Mphwanga," iwo anatero, "njanji yathu ndi imodzi yokhayi. Sitima ziwiri zikamayenda moyang'anizana, ina iyenera kupatuka pa siteshoni n'kudikira kuti inzake idutse. Tsono undiuze, idzadikire ndi ya yani?"

Funso limeneli ndi limene ndakhala ndikulisinkhasinkha usiku uno, chifukwa mpikisano wa sitima umadalira kwambiri amene amagawa nthawi yoyendera pa njanjipo. Ku Spain njanji imayang'aniridwa ndi bungwe la Adif, limene siliyendetsa sitima za anthu, choncho limagawira makampaniwo nthawi n'kuwalipiritsa ndalama zogwiritsira ntchito njanjiyo. Kuno kwathu, pamene boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways mu 1999, wosamalira njanji ndi woyendetsa sitima anakhala mmodzi yemweyo, ndipo ndalama zenizeni zimachokera ku katundu, makamaka malasha a ku Moatize, ku Mozambique, odutsa kuno popita ku doko la Nacala. Kampani yatsopano yofuna kunyamula anthu ingafunike kupempha mpata kwa mwini ngolo za malashazo, ndipo popanda bungwe loima palokha lokhazikitsa mitengo ndi kugamula milandu ya nthawi, sindikuona wamalonda wanzeru amene angagule mabogi atsopano.

Palinso nkhani ya mtunda. Njanji yopita ku Lilongwe imazungulira ku Salima, pamene mabasi, amene akupikisana kale kwambiri, amangotsata msewu wa M1 kudzera ku Ntcheu ndi Dedza. Sitima ya anthu ya ku Balaka ndi Nayuchi imathandiza makamaka am'midzi yakutali ndi msewu, onyamula matumba a chimanga ndi madengu a tomato, ndipo anthu oterewa sangakwanitse mtengo umene ungakope makampani awiri. Malume akuti boma liyambe lawonjezera malo opatukira sitima lisanaitane aliyense.