LM386 isiyireni sipika, sound card imafuna zina

Anthu akafuna kujambula mawu pa kompyuta ndi maiki yogwira pamanja ngati Shure SM58, ambiri amathamangira LM386 poti ndi yotchipa komanso diagram yake ili mbwee pa intaneti. Ine ndimakana aise. Kachip kameneka anakapangira kukankha kasipika, pomwe sound card siifuna mphamvu olo pang'ono, imangofuna voltage yoyera basi. Mukaika capacitor ya 10uF pakati pa pin 1 ndi pin 8 gain, kutanthauza kuchulukitsa kwa mawu, imachoka pa 20 kufika 200, zoonadi, koma phokoso la shiii lija nalonso limakwera limodzi ndiye kwaya yanu imamveka ngati ikuimbira m'tchalitchi cha malata mvula ikugwa.

Maiki ya dynamic ngati SM58 ija imatulutsa cha m'ma 2 millivolt munthu akamayankhula mokweza pafupi, pomwe line in, kabowo kolowetsera mawu pa sound card, imafuna kuyambira 0.3 volt mpaka cha pa 1 volt, ndiye pamafunika kuchulukitsa ka 100 kapena kuposa pamenepo. Apa ndi pa NE5532, kachip kochulukitsa voltage (op-amp). Resistor ya 47k pa feedback, ya 470 ohm yopita ku ground, mwapeza gain ya 101, phokoso lochepa zedi. Kotulukira ikani capacitor yotchinga DC ndi pot (kopotokola volume) ya 10k yochepetsera. Pa ma op-amp ena, TL072 ndi yabwino koma ine ndimaisungira gitala kapena piezo. LM358 ayi, imeneyo ikayatse ma LED.

Moto wake ndiye pomwe anthu amagwa. 5 volt ya pa USB imabwera ndi zinyalala zonse za m'kompyutamo, mpaka mukagwedeza mouse mumamva tswii m'mahedifoni. Mabatire awiri a 9 volt, wina plus wina minus, nkhani yatha. Mukamamvabe hmmm wa 50 Hz uja zulani chaja ya laputopu mujambule pa batire, komanso waya wa maiki akhale wa shield, osati uja wa sipika.

Malaputopu ambiri a masiku ano alibe line in, kabowo ndi kamodzi ka headset, mbali yake ya maiki ili ndi ma volt ake odyetsera timaiki ta electret ta pa headset ndipo siichedwa kudzaza. Mukalowetsa 1 volt pamenepo mawu amangosweka, ndiye tsitsani pot ija kwambiri kapena mugule sound card ya USB yokhala ndi line in yeniyeni, chifukwa totchipa tija tambiri tili ndi maiki yokha. Pa pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity mita iziseweretsa cha pa -12 dB, abusa akakuwa isakagunde 0.