Mphindi 11 pa mbendera yachinayi

Lolemba ndinagawira ana amene ndimawaphunzitsa mapepala kuti aliyense alembe chimene akufuna chaka chino pa orienteering, masewero athu othamanga m'tchire uku ukusaka mbendera ndi mapu ndi kampasi. Timatero Januwale aliyense sukulu zikangotsegulira. Ambiri mwa anawa ndi adzukulu a Amalawi amene anabwera kalekale kudzagwira ntchito kuno ku Harare, a ku Mbare, Mufakose ndi Highfield, ndiye tikakhala patokha Chichewa chimamveka ndithu, ngakhale chothira Chishona.

Mnyamata waliwiro kuposa onse analemba mzere umodzi basi: "Kukhala nambala wani." Pepalalo ndinamubwezera.

Lachitatu tinapita ku nkhalango ya Mukuvisi Woodlands ndi mapu a 1:10,000, pamene sentimita imodzi papepala ndi mamita 100 pansi. Mnyamatayu ananyamuka ngati gwape. Mbendera zitatu anazipeza bwinobwino, koma yachinayi anaipitirira patali, n'kuyamba kuzungulira m'mitengo ya msasa ngati nkhuku yodulidwa mutu. Pamapu athu, pa mtundu woyera pamatanthauza nkhalango yothamangika, pachikasu ndiye pabwalo popanda mitengo. Iye anaona chikasu n'kuganiza kuti adutse pomwepo, kuiwala kuti mvula ino udzu wa pamenepo ukufika m'chiuno. Mphindi 11 zinathera pa kambendera kamodzi. Mtsikana wina amene amathamanga mwa pang'onopang'ono, chala chili pamapu osachichotsa, anafika iye asanatulukire.

"Aphunzitsi, kampasi yanga ndi yabodza," anatero akupuma wefuwefu.

Apa akanatha kukhala kuti sananame. Lachinayi nditayang'ana m'bokosi ndinapeza kuti makampasi ena amene tinapatsidwa anapangidwira ku Ulaya. Singano yake imalemezedwa molingana ndi kumpoto kwa dziko, moti kuno kummwera imapendekeka n'kumakhula pansi. Ndinawapatula. Komabe yake ija inali yabwinobwino, ndinayesa kawiri.

Lachisanu tinakhala pansi awiri kulemba chaka chake mwatsopano. Ndinamuuza kuti, "Iwe, nambala wani imadalira amene wabwera tsikulo. Lemba chimene chili m'manja mwako." Tinagwirizana kuti pofika Seputembala, nthawi yotayika posochera isamapitirire mphindi zitatu pa mpikisano wonse, ndipo akamaliza kuthamanga azijambula pamapu njira imene wadutsa, osati imene amafuna kudutsa.

Chakacho tinachidula motsatira nyengo ya Harare. Mpaka Malichi, udzu ukadali wautali, tidzakhala m'misewu ndi m'mapaki ndi mapu a 1:4,000, kuphunzira kusankha njira mwachangu. Kukayamba kuzizira tidzapita ku miyala ya Domboshava, chifukwa kumeneko kulibe tinjira tokunyengerera. Uyenera kuwerenga mizere yofiirira yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo. Liwiro lake lija ndamusungira Ogasiti ndi Seputembala, tchire likauma n'kupsa. Okutobala ndi dzuwa lake, tizingothamanga mbandakucha.

Sanakondwe nazo, nkhope inachita kuonetsa. Koma Loweruka m'mawa ndinamupeza pabwalo la mpira ndisanafike n'komwe pageti, akuthamanga mamita 100 uku akuwerenga mapazi mokweza, kuti m'tchire azidziwa mtunda umene wathamanga. Anabwereza kanayi, kenako analemba nambala yake ndi bolopeni padzanja.