Thabwa lodulirapo nyama limafa ndi chinyezi, osati mpeni

Ogulitsa nyama mumsika wa Mzuzu amaimika chipika cha mtengo n'kumatemera pamwamba pomwe panadutsa macheka. Thabwa lomwe amisiri amalitcha butcher block limatsata nzeru yomweyo. Mitsempha ya mtengo ikaima chilili, mpeni umalowa pakati pake ngati m'tsache, ndiye subuntha msanga, ndipo thabwalo silikumbika.

Kapangidwe kake n'kotere. Chekani timatabwa ta masentimita 4 mbali zonse, mutipale bwino, mutimate ndi guluu n'kupana ndi makalampu. Mawa lake dulani chopingasa zidutswa za masentimita 5, muziimike kuti kumene mwadulako kuyang'ane kumwamba, mumatenso. Chidutswa chachiwiri chilichonse muzichisuntha pang'ono cham'mbali, mizere ya guluu isalunjikane, ikhale ngati njerwa pakhoma. Guluu akhale wa PVA wosalowa madzi, wolembedwa D3 kapena D4. Wamba uja amasiya thabwa likangotsukidwa kangapo. Ndipo mukamata kachiwiri musalilowetse m'makina opalira, amalinyotsola m'mphepete, nthawi zina kuliswa kumene. Pamenepo ndi pa sandipepa basi: wa nambala 80, kenako 120, kumalizira 220.

Paini wa ku Chikangawa ali paliponse ndipo ngotchipa, koma ngofewa, ali ndi mfundo ndi utomoni. Apite ku miyendo ya tebulo ndi mashelefu. Mlombwa ndiye wabwino chifukwa sufufuma kapena kunyala kwambiri nyengo ikasintha. Mbawa nayo ikhoza, ngakhale mitengo iwiriyi ili ndi timabowo tomwe timamwa mafuta ambiri. Bulugama ngolimba zedi, kungoti amang'aluka ndi kupindika akamauma. Thabwa lobiriwirako, lothiridwa mankhwala a chiswe, lisayandikire chakudya.

Koma nkhani yaikulu kuno ndi kuuma. Mvula yathu imafika mpaka Epulo, kenako mawawa ndi nkhungu za Juni, ndiye thabwa lomwe wogulitsa akuti "lauma, bwana" nthawi zambiri lauma kunja kokha. Mukalimata lili choncho, dzuwa la Okutobala likafika kachidutswa kalikonse kamanyala payekha, thabwa n'kung'ambika motsata guluu. Mtengo wolimba wokhuthala masentimita 2.5 umafuna pafupifupi chaka uli pamthunzi, utasanjidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Amene ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi adikire chifike cha m'ma 12 peresenti. Mukawacheka, timatabwato tigone m'nyumba sabata ziwiri musanamate.

Mafuta opaka ndi liquid paraffin wa ku famase, osati parafini wa nyale. Mafuta ophikira ayi, amasasa m'kati mwa thabwa ndipo fungo lake silichoka. Pakani mbali zonse, ndi pansi pomwe, mpaka thabwa lisiye kumwa. Mukapaka pamwamba pokha, pansi pamamwa chinyezi ndipo thabwa limakhota ngati lichero. Pomaliza sungunulani gawo limodzi la phula la njuchi m'magawo anayi a mafutawo, mupake n'kupukuta. Alimi a njuchi ambiri phulali amangotaya, choncho silivuta kupeza. Muzibwereza mwezi uliwonse, kapena mukaona kuti dontho la madzi likulowa m'malo moima.

Pa tebulo kapena pamwamba pa kabati ya kukhitchini palibe chifukwa choimika mitsempha. Matani timatabwa totalika cham'mbali, masentimita 4 kukhuthala kwake. Pomangirira ku felemu, mabowo a sikuluu akhale otalikirako mopingasa mitsempha kuti thabwa lizitha kufufuma ndi kunyala. Mukalikhomera ndi misomali mbali zonse, lisweka pakati. Pafupi ndi sinki ndiye povuta, pamada ndi kuwola msanga, bola pamenepo kuika matailosi.

Mukadulirapo nkhuku kapena usipa wauwisi, tsukani ndi sopo ndi madzi otentha, mupukute, muliimike cham'mbali. Fungo likakanirira, kwechani ndi mchere ndi ndimu. M'beseni la madzi lisagonemo.