Kachotupa kaphazi komwe tonse tinati ndi gout

Sabata ino takhala tikuphunzira zotupa za kuphazi, ndipo chithunzi chimodzi sichikundichoka m'maso. Aphunzitsi anatiwonetsa phazi la mnyamata wa zaka za m'ma 20, lili ndi kachotupa pafupi ndi chala chachikulu. M'magazi uric acid, asidi yemwe akachuluka amatha kuyambitsa gout, anali wokwererako. Tonse, ine ndemwe, tinati ndi gout, matenda otupitsa ndi kupweteketsa mfundo za mafupa. Kanali khansa yotchedwa synovial sarcoma.

Nditabwerera ku mabuku ndinaona pomwe tinaterereka. Gout imabwera modzidzimutsa, kawirikawiri usiku. Mfundo imafiira, imatentha, moti ngakhale chofunda chikangokhudza munthu amabuula. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri ululu umazilala. Zotupa zake zolimba, za tophi, zimadza patapita zaka. Koma khansayi siipita. Imakula pang'onopang'ono, nthawi zina kwa zaka, makamaka mwa anthu a zaka 15 mpaka 40, msinkhu womwe gout siichulukira. Funso loti "chinayamba liti, ndipo chinaphwapo?" palibe mmodzi wa ife analifunsa.

Uric acid wokwera si umboni. Ambiri ali naye wochuluka koma sadwala gout, ndipo ena amapezeka naye wabwinobwino ululu uli pachimake. Umboni weniweni ndi kukoka madzi a m'mfundo ndi singano n'kuona pa maikulosikopu timakirisito tooneka ngati singano.

Palinso khansa ina, clear cell sarcoma, yomwe dokotala wina, Franz Enzinger, anaifotokoza mu 1965. Imakonda phazi ndi akakolo, imamatirira ku mitsempha yokoka mafupa, ndipo imatha kufalikira kumapapo ndi ku tizigawo totupa mwanabere.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi ichi. Tinaloweza kuti chotupa choopsa ndi choposa masentimita 5, koma kuphazi malo ndi ochepa, ndipo khansa imatha kupezeka isanafike pamenepo. Dokotala akakapeputsa n'kukadula msangamsanga, amasiya tizidutswa ndi kumwaza maselo m'malo omwe anali abwino. Opareshoni yachiwiri imakhala yaikulu, mwina mpaka phazi kudulidwa. Choyamba ndi kujambula m'kati mwa phazi ndi makina a MRI, kenako kutapako kanyama kokayeza ndi singano, ndipo njira ya singanoyo aisankhe ndi omwe adzachite opareshoniyo.

Ndabwereranso pa X-ray ya mnyamatayu. M'mbali mwa chotupacho muli timadontho toyera ta kashiamu, tomwe synovial sarcoma imaonetsa mwa odwala ena. Tinalipo tsiku lija, ine maso anali pa uric acid.