Ulendo wa ku Mzuzu: za mafoni athu ndi pakamwa pathu

Tinanyamuka pa Mponela Lachinayi mbandakucha, anthu 14 a kalabu yathu yomvera wailesi, pa minibasi ya hayala. Ine ndine mlembi wa kalabuyi, n'chifukwa chake lipotili lagwera ine. Koma chimene chinandikweza minibasi kwenikweni ndi udindo wina: ndine adimini wa gulupu ya WhatsApp ya chitukuko cha m'dera lathu, momwe muli mafumu, aphunzitsi, azaumoyo, ochita geni, ngakhalenso a khansala. Gulupu imeneyi inkandisowetsa tulo. Nditamva pa wailesi za anthu omangidwa chifukwa cha zolemba pafoni, ndinaika lamulo pamwamba pa gulupu lakuti uthenga uliwonse wodzudzula akuluakulu ndiziufufuta. Ndinkatero ndi mtima wofuna kuteteza anthu anga, ndipo ndinkayembekeza kuti anzathu a ku Mzuzu akandiyamikira.

Za mumsewu sindichulutsa. Madisi, Kasungu, Nkhamenya, kenako pa Jenda tinatsika kugula mbatata ya kachewere ndi anyezi zokapatsa otilandira, poti kwa eni sungafike chimanjamanja. M'Chikangawa tinapeza nkhungu itaphimba mitengo ya paini, malo ena atadulidwa mpaka kutsala zitsa zokhazokha. Netiweki inathawa, ndipo ndi pamene tinayamba kucheza ngati anthu a ulendo umodzi.

Otilandira anatichingamira pa Katoto, kamvula kowaza kakugwa. Ndi gulu la amayi ndi achinyamata lomwe limakumana ku Chibavi, ndipo ena mwa iwo ndi ophunzira a pa Mzuzu University ku Luwinga. Anatipatsa moni wa "monire mose", ife n'kuyankha "yewo" monga tinaphunzitsirana m'njira, iwo n'kuseka mokondwa n'kusinthira ku Chichewa kuti pasapezeke wotsalira.

Lachisanu m'mawa anatiuza kuti tonse tiike mafoni pa tebulo. Mnyamata wina wophunzira za makompyuta anatifunsa kuti ndi angati amene anatchera WhatsApp yawo ndi nambala yachinsinsi yachiwiri. Tinapezeka awiri okha. Anatifotokozera mmene mbava zimabera akaunti: zimalemba nambala yako pafoni yawo, WhatsApp n'kukutumizira iwe manambala 6 pa SMS, kenako zimakuimbira mwaulemu n'kunena kuti manambalawo abwera kwa iwe molakwika, kapena kuti ndi olowera msonkhano wa mpingo. Ukangowatchula, basi akaunti yapita, ndipo dzuwa lisanalowe abale ako onse alandira uthenga wakuti uli m'chipatala akutumizire ndalama. Anatiyendetsa mmodzimmodzi mpaka aliyense atatchera yake. Anationetsanso pamene pamaoneka zipangizo zina zolumikizidwa ku WhatsApp yako. Mayi mmodzi wa m'gulu lathu anapeza kuti pali kompyuta imene ikuwerenga mauthenga ake, ndipo anakumbukira kuti miyezi yapitayo anasiya foni kwa wokonza masiku awiri. Anakhala chete nthawi yaitali ndithu.

Zinanso zinali zoti timazidziwa koma sitizichita. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba isakhale chaka chimene unabadwa, poti chakacho chalembedwa pa chiphaso cha unzika chomwe chili m'kachikwama kamodzi ndi foniyo. Chiyambireni kulembetsa masimukhadi mu 2018, nambala iliyonse imaloza kwa mwini chiphaso, choncho kulembetsera mnzako simu ndi chiphaso chako ndi kusenza mlandu umene sunaupalamule. Anatikumbutsanso kuti mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo la Data Protection Act, loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe loona za mafoni ndi mawailesi la MACRA, ndipo wofuna kujambula chiphaso chako tsopano uli ndi ufulu womufunsa kuti akachita nacho chiyani. Ndinaganizira mapepala angati a mayina ndi manambala a ziphaso amene ndasonkhanitsapo m'mudzi n'kupereka kwa anthu amene sindinawafunse kalikonse.

Madzulo ake ndi amene anandigwedeza. Panabwera bambo wina wothandiza anthu pa nkhani za malamulo, atanyamula kabuku ka malamulo aakulu a dziko lino a 1994. Anatiwerengera gawo 35, la ufulu wolankhula zakukhosi. Gawo 36, la ufulu wa atolankhani. Gawo 37, la ufulu wopeza uthenga wosungidwa ndi boma. Ndi gawo 21, loteteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi mafoni ake. Kenako anatsegula lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Gawo 87 limanena za kusokoneza mtendere wa munthu mwadala ndi mobwerezabwereza kudzera pa foni kapena intaneti, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Sanatibisire kuti lamuloli lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu wamba. Mu 2022 namwino wina anamangidwa chifukwa cha zimene analemba zokhudza mtsogoleri wa dziko mu gulupu ya WhatsApp. Chaka chomwecho, mu Epulo, apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism n'kumulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata china cha boma.

Koma sanalekere pamenepo. Mu Novembala 2022 nyumba ya malamulo inachotsa milandu ya kuukira boma ndi mawu, imene tinatengera kwa atsamunda. Mu Julaye 2025 khoti loona za malamulo aakulu linagamula, pa mlandu wa a Joshua Chisa Mbele, kuti gawo 200 la Penal Code (malamulo a milandu ndi zilango), lomwe linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya wina, likutsutsana ndi ufulu wolankhula. Woona kuti wanyozedwa akhoza kukasuma kuti alipidwe, koma nkhaniyo si yoponyera munthu m'chitokosi. Ambiri a ife tinali tisanamvepo zimenezi, ndipo ndikuona kuti n'zochititsa chisoni kuti nkhani ya kumangidwa imafika m'mudzi tsiku lomwelo pamene nkhani ya chigamulo chotimasula imathera m'tauni.

Apa ndinaimirira n'kufotokoza za lamulo langa la mu gulupu. Ndinatchulanso mwambi umene ndinkaudalira, wakuti ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Mayi wina wachikulire wa ku Chibavi, wogulitsa usipa mumsika, ndiye anandiyankha. "Achemwali, mwambiwo ndi woona, koma umanena za mlomo wachipongwe ndi wabodza. Munthu akafunsa kuti ndalama za mlatho zapita kuti, wasiya mlomo woipa pati? Mukamufufutira, mwateteza ndani?" Anandifunsanso ngati ndinafufutapo chithunzi cha mtsikana wina aliyense chimene anthu ankaseka mu gulupu yathuyo. Ndinakumbukira kuti chinalowapo chimodzi chaka chatha, ndipo chinakhalamo mpaka m'mawa. Uthenga wofunsa za mankhwala osowa ku chipatala ndinaufufuta mphindi zisanu zisanathe.

Mayiyo anali ndi chifukwa chofunsira. Mwana wa mng'ono wake, mtsikana wa ku sekondale, anatayana ndi chibwenzi, mnyamatayo n'kumwaza zithunzi zake zamseri m'magulupu. Mtsikanayo anasiya sukulu, anasiya kupita ku tchalitchi, ankangodzitsekera m'nyumba. Gawo 86 la lamulo lomwe lija la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti, koma kumene anakadandaula ankangouzidwa kuti abwere mawa, ndipo wina anamufunsa chifukwa chake anajambulitsa. Ndi nkhani imeneyi imene inayambitsa gulu lawoli. Lero akamva zotere, amayi awiri amapita kukakhala ndi mtsikanayo, wina amasunga umboni woonetsa nambala ya wotumiza, tsiku ndi nthawi, ena amaimbira maadimini a magulupu onse amene akuwadziwa kuti achotse zithunzizo ndi kuchenjeza aliyense wozitumiza, ndipo popita ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa amapita anthu anayi kapena asanu kuti wina asabwezedwe pakhomo. Lamulo ndi limodzi, koma liwiro lake limasiyana malinga ndi amene wadandaula. Zimenezi zinandipweteka mtima, makamaka pozindikira kuti ine ndemwe ndinkachita chimodzimodzi pa gulupu yanga.

Anationetsa malamulo a gulupu yawo, ndipo ndi ochepa. Funsa chilichonse chokhudza ndalama ndi ntchito za boma, koma nena zimene waona ndi maso ako kapena zimene uli nazo pa pepala. Osatukwana. Osatumiza chithunzi cha mwana, cha wodwala kapena cha maliro popanda chilolezo cha eni ake. Voisi ya munthu wosadziwika, yomwe yangolembedwa kuti yatumizidwa kambirimbiri, iyambe yadikira mpaka wina atatsimikiza. Ndipo aliyense adziwe kuti ngakhale WhatsApp imabisa mauthenga kuti a kampani ya foni asawerenge, screenshot imajambulidwa ndi munthu wa m'gulupu momwemo, amene mumadya naye nsima. Sakunena izi poopseza. Akuti ukalemba mawu oti ukhoza kuwabwereza pabwalo la mfumu nkhope ili poyera, ngakhale awajambule sada nkhawa.

Loweruka m'mawa, tisananyamuke, anatitengera ku manda a Zolozolo, kumene kunaikidwa ena mwa anthu amene anaphedwa pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011. M'dziko lonse munafa anthu 20, ndipo Mzuzu ndi umodzi mwa mizinda imene inalira kwambiri. Masiku amenewo MACRA inaletsa mawailesi kuulutsa zionetserozo pompopompo. Bambo wina wa m'gulu lawo, yemwe anali mnyamata nthawi imeneyo, anati anthu ankadziwitsana za misewu yoopsa ndi za ovulala kudzera pa SMS ndi pa Facebook, kwa ochepa amene anali nayo. Tinaima pamenepo mphepo yozizira ikuwomba, a tcheya athu anapemphera mwachidule, ndipo palibe anatulutsa foni kuti ajambule.

Pobwerera tinadutsa mu msika wa Taifa kugula zitenje, ena anagula khofi wa Mzuzu wokapatsa a kunyumba. Ndalama za ulendo zinakwana, ndipo msungichuma adzawerenga ndondomeko yake pa msonkhano wa mwezi uno. Tagwirizana kuti anzathuwo adzabwere kwathu tikakolola.

Tili pakati pa Jenda ndi Nkhamenya, netiweki itakhazikika, ndinachotsa lamulo langa lija pamwamba pa gulupu n'kuikapo malamulo a ku Chibavi, nditawonjezera mawu opepesa kwa amene ndinawafufutira mauthenga. Tisanafike pa Kasungu, aphunzitsi ena opuma pantchito anali atafunsa kale za mjigo umene unalonjezedwa pafupi ndi sukulu koma mpaka pano pali dzenje lokha. Lamulo la ufulu wopeza uthenga la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limapatsa ofesi ya boma masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe wopempha uthenga, ndipo ikakana pali kokadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Kalata yathu yofunsa za mjigowo tinailemba Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, anthu 23 anasaina, ndipo ndinakaisiya ndekha Lolemba. Anandidindira pa kope yanga, ndipo chithunzi cha kopeyo chili mu gulupu.